Seva Ilipo, Koma Sikuoneka

  Anzanga nonse amene mumasamala makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala, amene muli ndi cholembera chigwireni, chifukwa pali manambala angapo amene ndikufuna mupite nawo kwanu.

Nkhani yanga ndi ya dandaulo limene ambiri a ife talimvapo. Ofesi yakula, amanga nyumba ina kuseri, antchito achuluka. Inu mwachita zoyenera: mwagawa netiweki pawiri, nyumba yakale subnet yake, yatsopano yakenso, pakati mwaika rauta. Intaneti ikuyenda mbali zonse, imelo ikulowa. Koma Lolemba m'mawa foni ikulira: "Achimwene, seva yasowa. Ndikatsegula Network mulibe chilichonse, ndipo malipiro a anthu ndiyenera kumaliza lero." Mukapita kunyumba yakale, seva ikuoneka bwinobwino monga mwa masiku onse.

Ndikamba mfundo zisanu. Yoyamba, mafunso atatu amene abisala m'dandaulo limeneli. Yachiwiri, njira. Yachitatu, dzina. Yachinayi, mndandanda wa makompyuta, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Yachisanu, mankhwala awiri amene ndikukupemphani kuti musamapereke, ndi chimene tingapatse anthu m'malo mwake. Mukaiwala zina zonse, ichi chokha chitsale: seva ikasowa pamndandanda, sizitanthauza kuti seva yafa.

Mfundo yoyamba. Munthu akati seva yasowa, wanena chinthu chimodzi, koma inu mumve mafunso atatu. Kodi njira yopita ku seva ilipo? Kodi dzina la seva likudziwika mbali ino? Kodi seva yalembedwa pamndandanda umene umaoneka mu Network? Njira, dzina, mndandanda. Zitatuzi zimayendetsedwa ndi mapulogalamu osiyana, zimadutsa pa ma port osiyana, ndipo chilichonse chimatha kuwonongeka pachokha zinzake zili bwino.

Tiyerekeze kuti seva yathu dzina lake ndi MAFAYILO, adiresi yake ndi 192.168.1.10, ndipo amayi a ku akaunti ali kunyumba yatsopano pa 192.168.2.35. Musanyamule chikwama cha zida. Pafoni pomwepo auzeni kuti: "Mayi, dinani batani la Windows pamodzi ndi R. M'kabokosi katulukako lembani timizere tiwiri topendekera kumbuyo, kenako 192.168.1.10, ndipo mudine Enter." Mafoda akatseguka, njira ilipo. Ngakhale kompyuta itangofunsa dzina ndi pasiwedi, sangalalani, chifukwa amene akufunsayo ndi seva yomwe ija. Uthenga wapita ndipo yankho labwera. Mukatero abwerezenso, koma tsopano alembe \\MAFAYILO. Zikatseguka, dzina lilinso bwino, ndipo chatsala ndi mndandanda wokha. Pamenepo amayi aja angathe kuyamba malipiro awo nthawi yomweyo, inu mukufufuza zotsalazo mtima uli m'malo. Mphindi ziwiri zimenezi zimapulumutsa tsiku lonse. Kuthamanga si kufika. Amene amayamba ndi kuzimitsa seva, kusintha mawaya ndi kuikanso Windows amakhala akuchiza matenda amene sanawapeze.

Mfundo yachiwiri, njira. Tinene kuti adiresi ija yakana, ndipo Windows yatulutsa nambala yodziwika ija, 0x80070035, kapena System error 53 ngati munagwiritsa ntchito net view. Ambiri timathamangira ping. Ping ndi yabwino, koma musaikhulupirire kwambiri, chifukwa firewall ya Windows nthawi zambiri imaikaniza ngakhale kompyuta ili moyo. Funsani khomo lenileni limene mafayilo amadutsira. Kuyambira pa Windows 2000, khomo limeneli ndi port 445 ya TCP. Kale lisanabwere tinkadutsa pa 139. Mu PowerShell lembani Test-NetConnection 192.168.1.10 -Port 445, ndipo muone ngati mzere wa TcpTestSucceeded ukunena True.

Ukanena False, pali malo atatu oyamba kuyang'ana. Oyamba ndi default gateway ya seva yeniyeniyo. Seva zambiri zinaikidwa adiresi pamanja kalekale, ofesi ili ndi subnet imodzi, ndipo bokosi la gateway linasiyidwa lopanda kanthu chifukwa silinkafunika. Lero pempho lochokera ku 192.168.2.35 likufika ndithu, koma seva sikudziwa kobwezera yankho. Achiwiri ndi subnet mask. Seva ikakhala ndi 255.255.0.0 m'malo mwa 255.255.255.0, imaganiza kuti 192.168.2.35 ili nayo pa waya umodzi, ndiye imaifunafuna pomwepo osapereka yankho kwa rauta. Achitatu ndi firewall, ndipo apa mumvetsere bwino. Pa kompyuta ya Windows imene netiweki yake ndi Private, malamulo a File and Printer Sharing amabwera atalembedwa kuti alole Local subnet yokha. N'chifukwa chake a m'nyumba yakale akulowa popanda vuto pamene a m'nyumba yatsopano akukanidwa. Tsegulani malamulowo, pitani pa Scope, muwonjezere subnet yatsopanoyo, yokhayo basi. Musazimitse firewall yonse. Ngati seva ndi ya Linux yoyendera Samba, chimodzimodzi chimapezeka mu smb.conf pa mzere wa hosts allow, pamene munthu analemba 192.168.1. zaka zapitazo n'kuiwala. Mukamaliza apa, yang'ananinso malamulo a rauta yomwe, ngati ikulola 445 kudutsa pakati pa mbali ziwirizi.

Mfundo yachitatu, dzina. Adiresi ikutseguka, koma \\MAFAYILO ikukana. Kuti timvetse chifukwa chake, tibwerere m'mbuyo pang'ono. NetBIOS inapangidwa mu 1983 ndi kampani ya Sytek, kupangira netiweki ya IBM ya makompyuta ochepa okhala pamalo amodzi. Mu 1987, zikalata za RFC 1001 ndi RFC 1002 zinalongosola mmene ingayendere pamwamba pa TCP/IP. Dzina la NetBIOS limakhala ndi zilembo zosapitirira 15, ndipo malo a 16 amasungira nambala yosonyeza ntchito ya mwini dzinalo. Kompyuta ikafuna kudziwa adiresi ya MAFAYILO popanda woifunsa, imatumiza broadcast pa port 137 ya UDP, uthenga wopita kwa aliyense: mwini dzina ili ndani?

Nonsenu mukudziwa mmene uthenga umayendera kumudzi. Kukagwa zovuta kapena kukakhala msonkhano, mnyamata wa mfumu amakwera pachulu madzulo n'kufuula, ndipo aliyense wa m'mudzimo amamva, kaya uthengawo ukumukhudza kaya ayi. Koma mudzi wa tsidya lina la mtsinje sumva kanthu. Wopalasa bwato padoko amawolotsa munthu, amawolotsa kalata yolembedwa kumene ikupita, koma mfuu sangaikweze m'bwato. Broadcast ndiyo mfuu ija, subnet ndiwo mudzi, rauta ndiye wa bwato. Ndipo rauta sikuti yalakwa pokana kuwolotsa broadcast. Imeneyo ndiyo ntchito imene tinaigulira. Tinagawa netiweki dala kuti phokoso la mbali ina lisadzaze mbali inzake. Choncho dzina limene linkadziwika mwa kufuula pamene ofesi inali mudzi umodzi, lero likufunika kaundula amene mbali zonse zingathe kumulembera kalata n'kufunsa.

Kaundula ameneyu masiku ano ndi DNS. Pa kompyuta ya amayi aja lembani ipconfig /all, muone zinthu ziwiri: DNS server imene akufunsa, ndi DNS suffix imene apatsidwa. Kawirikawiri mudzapeza kuti DHCP ya subnet yatsopano ikugawa 8.8.8.8 ya Google kapena adiresi ya rauta ya intaneti. Amenewo amadziwa Facebook ndi YouTube, koma MAFAYILO ya mu ofesi yanu sanaimvepo. Konzani DHCP kuti izigawa DNS ya mkati, ndipo option 15 izipereka dzina la domain, kuti munthu akalemba MAFAYILO kompyuta izimalizitsa yokha kukhala mafayilo.ofesi.lan. Yesani ndi nslookup. Seva nayo ikhale ndi adiresi yosasintha, yolembedwa mu DNS.

Kaundula wakale wa maina a NetBIOS ndi WINS. Ngati mukadali ndi makina akale amene sadziwa njira ina, DHCP imagawa adiresi ya WINS pa option 44, ndipo option 46 muiike pa 8, kutanthauza kuti kompyuta iyambe yafunsa WINS, ikalephera ndiye ifuule. Pa Samba, seva imodzi yokha ikhale ndi wins support = yes, zinazo zikhale ndi wins server yoloza kwa iyo. Musalembe mizere iwiriyi pa seva imodzi. Palinso fayilo ya LMHOSTS mu C:\Windows\System32\drivers\etc, momwe mungalembe dzina ndi adiresi pamanja. Imathandiza poyesa, koma kuisiya pa makompyuta makumi awiri ndi kutchera msampha munthu amene adzasinthe adiresi ya seva inu mutachoka. Microsoft eniake akhala akulangiza kwa zaka zambiri kuti anthu achoke pa WINS apite ku DNS, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Tafika pa mfundo yachinayi, mndandanda. Njira ilipo, dzina likudziwika, mafoda akutseguka, koma mu Network seva kulibe. Ndibwerezenso: seva ikasowa pamndandanda, sizitanthauza kuti seva yafa. Mndandanda uli ndi moyo wakewake, ndipo pali mibadwo iwiri ya mmene umapangidwira. Muyenera kudziwa kuti makompyuta anu ali mu m'badwo uti musanasinthe chilichonse.

M'badwo wakale ndi wa Computer Browser, umene achikulire muno mukuukumbukira pa dzina la Network Neighborhood. Umayenda motere. Seva iliyonse imalengeza dzina lake pa port 138 ya UDP, pafupipafupi ikangoyaka, kenako mphindi 12 zilizonse. Pa subnet iliyonse pamakhala kompyuta imodzi yosankhidwa kuti izilemba maina onse amene yamva. Imeneyi imatchedwa local master browser. M'mudzi mwathu muja ndiye nyakwawa, wosunga kaundula wa mudzi wake. Inu mukatsegula Network, kompyuta yanu siyendera nyumba ndi nyumba. Imangopempha kaundula ameneyu n'kukusonyezani. Ndiye ngati kaundula wa nyumba yatsopano alibe MAFAYILO, simudzaiona, ngakhale seva itakhala yathanzi chotani.

Nanga maina a tsidya lina amalowamo bwanji? Pamwamba pa anyakwawa pali gulupu, amene ndi domain master browser. Nyakwawa wa subnet iliyonse amapita kwa gulupu, amapereka maina a m'mudzi mwake, amatenga maina a midzi ina, n'kubwera nawo kwawo. Ulendo umenewu ndi wa kalata, umawoloka rauta bwinobwino. Koma nyakwawa ayenera kudziwa kumene gulupu amakhala, ndipo amadziwa pofunsa WINS dzina la workgroup lothera ndi nambala 1B. Ichi n'chifukwa chake m'badwo wakale kawirikawiri sungathe kuwoloka ma subnet popanda zinthu zitatu pamodzi: gulupu mmodzi, WINS imodzi imene onse akuidziwa, ndi dzina limodzi la workgroup mbali zonse. Chimodzi chikasowa, mudzi uliwonse umangodziona wokha. Dziwaninso kuti makompyuta a Windows okhala mu workgroup chabe, opanda domain, alibe gulupu nkomwe. Mu domain, udindowu umakhala ndi domain controller wamkulu. Mu workgroup, Samba ndiyo ingautenge. Pulogalamu imeneyi anaiyamba ndi Andrew Tridgell ku Australia cha mu 1992, ndipo mbali yake yoona za maina ndi mndandanda imatchedwa nmbd. Mu smb.conf mumalemba domain master = yes, local master = yes, preferred master = yes, ndi os level yokwera, monga 65. Koma ngati muli ndi domain ya Windows ya dzina lomwelo, domain master muisiye pa no, chifukwa mpando wa 1B uli ndi mwini wake kale.

Tsopano mverani za chisankho, chifukwa apa ndi pamene ife a kuno timavutikira mwapadera. Nyakwawa saikidwa ndi inu. Makompyuta amasankhana okha, poyang'ana mtundu wa Windows, udindo wa makina, ndi nthawi imene akhala akuyaka. Magetsi akathima kwa maola angapo, UPS imatha mphamvu ndipo seva imazima. Koma laputopu ya mlembi ili ndi batire yake, switch ikangoyaka iyo ili kale pa netiweki. Seva ikadali kuyang'ana madisiki ake, laputopu yaitanitsa chisankho, palibe wopikisana nayo, yatenga kaundula. Tsiku lonse zinthu zikuoneka ngati zili bwino. Ikakwana 5 koloko mlembi watseka laputopu, waiika m'chikwama, wapita kukakwera minibasi, ndipo kaundula wa ofesi yonse wapita naye. Otsala akalemba net view akulandira System error 6118, yonena kuti mndandanda wa maseva sukupezeka. Palibe waya waduka, palibe chawonongeka. Mzere uja wa preferred master = yes ntchito yake ndi imeneyi: seva ikamaliza kuyaka imaitanitsa chisankho chatsopano, ndipo os level yokwera imaipambanitsa. Kunyumba yatsopano nakonso kukufunika makina amodzi osazimitsidwa, oti akhale nyakwawa wa kumeneko.

Kuti mudziwe amene wagwira kaundula pakali pano, pa Linux lembani nmblookup -M ndi dzina la workgroup, ndipo ikupatsani adiresi ya mwini dzina lothera ndi 1D. Pa Windows lembani nbtstat -A ndi adiresi ya kompyuta imene mukuikayikira. Mukaona mzere wokhala ndi __MSBROWSE__, mwamupeza. Chitani zimenezi mbali zonse ziwiri za rauta. Mukapeza kuti wagwira kaundula ndi makina okhala ndi makadi awiri a netiweki, kapena laputopu yolumikizidwa pa waya ndi pa Wi-Fi nthawi imodzi, yambirani pomwepo, chifukwa makina otere amasokoneza mndandanda kawirikawiri.

Ndipo mukakonza, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Seva imalengeza pa mphindi 12, nyakwawa amapita kwa gulupu pa nthawi yake, wa tsidya lina nayenso amakatenga pa nthawi yake. Dzina latsopano lingathe kutenga pafupifupi ola lathunthu kuti liwoloke. Seva imene yazima nayo sichotsedwa msanga; nyakwawa amadikira kuti iphonye kulengeza katatu, ndiye kuti mphindi 36, ndipo tsidya lina imakhalabe ikuoneka kupitirira pamenepo. Choncho mndandanda umanama mbali ziwiri: umabisa seva yamoyo, umasonyeza seva yozima. Munthu wosadziwa zimenezi amasintha mzere mu smb.conf, amayang'ana, saona kusintha, amasinthanso wina, amayatsanso nmbd, ndipo nthawi iliyonse akatero wotchi imayambira pachiyambi. Pofika madzulo wasintha zinthu zisanu ndipo sakudziwa chimene chathandiza. Sinthani chinthu chimodzi, lembani m'kope chimene mwasintha ndi nthawi yake, pitani mukagwire ntchito ina, mubwere pakatha ola.

Zonse ndanenazi ndi za m'badwo wakale, ndipo makompyuta ambiri amene muli nawo lero sali m'menemo. Computer Browser imadalira SMB1, mtundu woyamba wa chilankhulo chogawanira mafayilo. Kuyambira pa Windows 10 ya 1709, imene inatuluka chakumapeto kwa 2017, Microsoft inayamba kuchotsa SMB1, ndipo Computer Browser inapita nayo limodzi. Samba nayo, kuyambira pa 4.11 ya mu 2019, imabwera SMB1 itazimitsidwa. Ndiye mungathe kukonza WINS, gulupu ndi anyakwawa mwaluso lonse, koma kompyuta ya Windows 11 sidzapita n'komwe kukapempha kaundulayo. Safunsa anadya phula: musanataye sabata pa smb.conf, funsani kaye kuti makompyuta odandaulawo ndi a Windows iti.

M'badwo watsopano umagwiritsa ntchito WS-Discovery, imene inabwera ndi Windows Vista. Palibenso nyakwawa, palibe gulupu. Mukatsegula Network, kompyuta yanu imatumiza funso ku adiresi ya multicast 239.255.255.250 pa port 3702 ya UDP, ndipo amene amva amayankha okha; zambiri za makinawo zimatengedwa pa port 5357 ya TCP. Kuti kompyuta ya Windows iyankhe, netiweki yake isakhale Public, Network discovery ikhale yoyatsa, ndipo service ya Function Discovery Resource Publication ikhale ikuyenda. Seva ya Samba payokha siyankha funso limeneli. Imafunika kapulogalamu kowonjezera monga wsdd. Makompyuta a Apple ali ndi njira yawo yofanana nayo, Bonjour, yoyenda pa port 5353, imene pa Linux imagwiridwa ndi Avahi. Koma zonsezi, anzanga, ndi kufuula kwa pachulu komwe kuja. Funso limatumizidwa moti lisadumphe rauta. Kotero pa makompyuta atsopano, seva ya subnet ina kusaoneka mu Network si matenda ayi. Ndi mmene anapangidwira, ndipo palibe chimene chawonongeka choti mukonze.

Mfundo yachisanu ndi yomaliza. Pali mankhwala awiri amene amaoneka ngati akuchiza msanga, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musamapereke.

Oyamba ndi kubwezeretsa SMB1. Ndi kabokosi kamodzi kodina mu Windows Features, ndipo kangathe kubweza mndandanda, abwana n'kukuyamikirani. Koma walira mvula walira matope. Pa 12 Meyi 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150 podutsa pa chiboo cha mu SMB1, ikutseka mafayilo a anthu n'kumafuna dipo. Ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala ndi kuimitsa maopareshoni. Microsoft inali itatulutsa chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho, koma makina ambiri anali asanachilandire. Ganizirani makompyuta a m'maofesi mwathu muno, angati amene amalandira zigamba pa nthawi yake, mtengo wa bandulo uli mmene uliri. Mafayilo amene tikusamalawa ndi malipiro a anthu, zotsatira za mayeso a ana, mbiri za odwala. Kuika zonsezi pangozi kuti kachithunzi ka seva kaoneke pazenera, ine sindingavomereze, ndipo inunso musavomereze ngakhale wopemphayo atakhala wamkulu. Ngati pali fotokope yakale yotumiza masikani ku foda, kapena kabokosi kakale kosungira mafayilo kamene sikadziwa china koma SMB1, yambani mwafufuza ngati opanga anatulutsa firmware yatsopano. Ikasowa, makinawo apatuleni pa subnet yawoyawo, alankhule ndi kompyuta imodzi yokha, ndipo mulembe mu bajeti ya chaka chamawa kuti agulidwe ena.

Achiwiri ndi kukakamiza rauta kuti iziwolotsa broadcast, kapena kugwetsa malire n'kubwezera ofesi yonse pa subnet imodzi. Ena amachita dala, ena zimawachitikira osadziwa. Pa rauta za Cisco, lamulo la ip helper-address timaliika kuti DHCP iwoloke, koma limawolotsanso ma port ena angapo a UDP, kuphatikizapo 137 ndi 138. Zikatero nyakwawa wa mbali ino amamva wa mbali inayo akudzitcha mwini kaundula, amaitanitsa chisankho, winayo amaitanitsanso, ndipo mndandanda umabwera n'kumapita tsiku lonse. Mu Event Viewer mudzaona nambala 8003 ikubwerezabwereza. Mankhwala ake ndi no ip forward-protocol udp 137, ndi chimodzimodzi pa 138. Malire amene munaika pakati pa akaunti ndi Wi-Fi ya alendo, kapena pakati pa ofesi ya aphunzitsi ndi labu ya ophunzira, ali ndi ntchito yaikulu kuposa mndandanda. Asungeni.

Nanga anthu tiwapatse chiyani? Amayi a ku akaunti aja safuna Network. Akufuna foda ya malipiro. Anazolowera kudutsa mu Network chifukwa ndi njira yokhayo imene anasonyezedwa tsiku limene anayamba ntchito. Apatseni njira yokhazikika yosadalira kufuula. Ngati muli ndi domain, Group Policy imatha kuika drive pa kompyuta ya aliyense malinga ndi gulu lake: a ku akaunti alandire yawo, a ku sitolo yawo, ndipo munthu akalowa pa kompyuta iliyonse, mbali iliyonse ya rauta, aipeze ikumudikira. Ngati mulibe domain, lamulo limodzi likwanira: net use S: \\mafayilo.ofesi.lan\akaunti /persistent:yes. Lembani dzina lonse la DNS, osati adiresi ya manambala, kuti tsiku limene seva idzasamuke mudzangosintha mzere umodzi mu DNS m'malo moyendera desiki iliyonse. Amene muli ndi maseva angapo, phunzirani DFS Namespaces, imene imaika mafoda a maseva osiyanasiyana pansi pa dzina limodzi la domain.

Zikachitika kuti abwana aumirirabe kuti seva izioneka mu Network, njira ilipo yosafuna SMB1. Seva ya Linux mungaipatse mwendo pa subnet iliyonse, wsdd izimvetsera pa miyendo yonse, ndipo a Apple mungawayatsire reflector ya Avahi. Koma muwafotokozere abwanawo poyera kuti seva yokhala ndi mwendo mbali zonse sidutsanso pa malamulo a rauta, choncho firewall ya seva yomweyo iyenera kusenza ntchito imene rauta inkagwira. Akamva mtengo wake, ambiri amasankha drive ija.

Pomaliza pa mfundo imeneyi, khalani pansi ndi wogwiritsa ntchito kwa mphindi zisanu. Musamukonzere mwakachetechete n'kuchoka. Muuzeni kuti: "Mayi, kuyambira lero mafayilo anu ali apa, pa S. Mukaona kuti sikutseguka, mundiimbire n'kundiwerengera mawu enieni amene atuluka pazenera." Kenako m'kope la ofesi, lomwe limakhala pafupi ndi seva, lembani ma subnet onse, adiresi ya seva, gateway yake, DNS, ndi malamulo a firewall amene mwawonjezera, pamodzi ndi tsiku lake, kuti mnzanu wodzabwera pambuyo panu adzapeze poyambira.

Ndaima pamenepa. Amene muli ndi mafunso, makamaka inu amene mukadali ndi makina akale osakanikirana ndi atsopano, tiyeni tikambirane.